Lipoti: kumenyera chisamaliro cha anthu aulumali pamene Illinois inakhala masiku 736 yopanda bajeti

Ntchito yanga nthawi imeneyo inali yolemba ndi kulondoloza mapulani a chisamaliro m'bungwe lina laling'ono losapanga phindu, m'matauni ozungulira mzinda wa Chicago, m'chigawo cha Illinois ku America. Tinkasamalira makamaka akuluakulu amene anabadwa ndi ulumali wokhudza kakulidwe ka ubongo: ena a autism, ena a Down syndrome, ena a khunyu lobwera pamodzi ndi kuchedwa kuphunzira. Lipotili likunena za mabanja awiri, kuyambira 2015 mpaka 2017, ndi zimene tinachita poyesa kuti chisamaliro chawo chisathe. Mayina ndawabisa dala. Ndalemba makamaka kwa anzanga a ntchito yomweyi, chifukwa pali zinthu zimene ndinazizindikira mochedwa, ndipo kuchedwako kunapweteka munthu.

Chiyambi cha mkangano

Pa 1 Januwale 2015 msonkho wa pa malipiro mu Illinois unatsika kuchoka pa 5 peresenti kufika pa 3.75 peresenti, popeza lamulo lomwe linaukweza mu 2011 linali la kanthawi. Mwezi womwewo Bruce Rauner wa chipani cha Republican analumbira kukhala bwanamkubwa, pomwe nyumba zonse ziwiri za malamulo zinali m'manja mwa chipani cha Democratic, sipikala ali Michael Madigan. Bwanamkubwa ankafuna kuti aphungu ayambe avomereza kusintha malamulo ena, monga okhudza mphamvu za mabungwe a ogwira ntchito ndi chipukuta misozi cha ovulala pantchito, asanakambirane za msonkho. Aphungu a mbali inayo anati zimenezo si za bajeti. Palibe anagonja.

Ife tinalawa kaye pa 3 Epulo 2015, Lachisanu Loyera, mawa lake la tsiku lokumbukira autism padziko lonse. Boma linaimitsa thandizo la madola 26 miliyoni, ndipo mkati mwake munali la ana a autism ndi la odwala khunyu. Makolo anafuula, manyuzipepala analemba, ndipo pomafika kumapeto kwa mwezi womwewo ndalamazo zinabwezeredwa. Kupambana kumeneko kunatipusitsa. Tinaganiza kuti basi, njira ndi imeneyi: kufuula masabata angapo, iwo n'kubweza. Ndiye pa 1 Julayi chaka cha zachuma chinayamba popanda bajeti, kupatula ya sukulu za ana imene bwanamkubwa anasainira, ndipo tinapeza kuti palibe wofuulira, chifukwa mbali iliyonse inkaloza inzake.

Miphika iwiri

Munthu wakunja angaganize kuti popanda bajeti zonse zinaima. Ayi. Pafupifupi 90 peresenti ya ndalama za boma zinkatulukabe, kudzera m'zigamulo za makhoti ndi m'malamulo amene amalola kulipira popanda kudikira aphungu. Choncho funso loyamba pa chithandizo chilichonse linali lakuti: chimadya mumphika uti?

Mphika woyamba ndi wa Medicaid, ndondomeko ya boma yolipirira chithandizo cha zaumoyo cha anthu osauka ndi aulumali. Illinois ikaponyamo dola, boma lalikulu la ku Washington limaponyamonso pafupifupi dola ina. Nyumba zathu zing'onozing'ono, zimene kuno zimatchedwa CILA ndipo sizipitirira anthu 8, zimadya mmenemo. Mphika umenewu unali ndi mlonda, ndiye mgwirizano wa kukhoti wa Ligas. Mlanduwo unayamba mu 2005, Stanley Ligas ndi anzake atadandaula kuti boma likuwasunga m'malo akuluakulu osungiramo anthu pomwe iwo akufuna kukhala m'nyumba wamba pakati pa anthu ena. Anatsamira pa chigamulo cha Olmstead cha mu 1999, pomwe khoti lalikulu la America linati kupatula anthu aulumali popanda chifukwa ndi tsankho. Mgwirizanowo unavomerezedwa mu 2011. Bajeti itasowa, maloya a Equip for Equality, bungwe loteteza ufulu wa anthu aulumali, ndi anzawo anabwerera nawo kwa woweruza Sharon Johnson Coleman, amene mu Ogasiti 2015 analamula kuti boma lilipire pofika pa 21 mwezi womwewo. Tsikulo linadutsa zisanalipidwe zonse, woweruza anafuna kuti boma lifotokoze kumene ndalama zikupita, ndipo pambuyo pake malipiro anayamba kuyenda.

Mphika wachiwiri ndi wa thandizo lochokera m'thumba la Illinois yokha, popanda Washington. Muno munali, mwa zina, maola opumitsa makolo: munthu wophunzitsidwa amabwera kudzakhala ndi mwana kuti mayi agone, apite kuchipatala kapena kuntchito. Mphika umenewu unalibe khoti louyang'anira. Mabungwe anasainitsidwa makontirakiti, ntchito n'kumagwira, koma ndalama osabwera.

Mabanja anga awiri anali mmodzi mphika uwu, wina mphika uwo.

Banja loyamba

Bamboyu anali ndi zaka 34, wa autism ndi khunyu, ndipo ankakhala m'nyumba ya anthu asanu ndi mmodzi. Mawu amene amatchula ndi ochepa, mwina osakwana makumi awiri, ndipo limodzi mwa iwo ndi la dziwe losambiramo. Loweruka lililonse m'mawa ankatenga nsapato za onse a m'nyumbamo n'kuzindandalika pakhomo, zidendene kukhoma, zake kumapeto, thaulo pamwamba pake. Umenewo ndiwo unali kalendala wake. Mayi ake, okalamba ndipo maondo akuwavuta, ankabwera Lamulungu lililonse.

Amene ankamudziwa bwino kuposa tonse anali mayi wina wochokera kumadzulo kwa Africa, wosamalira wa tsiku ndi tsiku, amene kuno amatchedwa DSP. Anagwira naye zaka zisanu ndi ziwiri. Iyeyu ndiye anatiphunzitsa kuti khunyu likamayandikira bamboyu amatsina khutu lakumanzere ndi kusiya kung'ung'udza kanyimbo kake. Zimenezo sizinalembedwe m'buku lililonse la dokotala. Zinali m'maso mwa mayiyu.

Papepala nyumba imeneyi inali yopulumuka. Khoti linalamula, ndalama zinkabwera. Koma chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Khoti linalamula kuti boma lipitirize kulipira pa mitengo yakale, ndipo mitengoyo inali isanakwezedwe kuyambira 2008. Ma DSP mu Illinois ankalandira pafupifupi madola 9.35 pa ola. Nthawi yomweyo mzinda wa Chicago unakweza malipiro otsikitsitsa kufika pa madola 10 mu Julayi 2015, kenako 10.50 mu 2016, kenako 11 mu 2017. Ndiye kuti munthu wopanga masangweji ankaposa munthu wopatsa anzake mankhwala a khunyu, wowasambitsa, wodziwa chochita wina akatsamwa. Ambiri mwa ogwira ntchitoyi m'dera lathu ndi amayi, ndipo ambiri ndi obwera ngati ine, amene kumudzi akuwadikirira kumapeto kwa mwezi.

Mu Febuluwale 2016 mayi uja analowa mu ofesi mwanga atavala kale jekete. Anapeza ntchito yolongedza katundu m'nyumba yosungiramo malonda. Anati: "Achimwene, musaganize kuti ndatopa naye. Koma lendi sindingalipire ndi chikondi." Ndinalibe chomuyankha. Ndinangomupempha kuti akhale nane maola awiri andiuze zonse zimene akudziwa za bamboyu, ine n'kumalemba. Anatero, akulira.

Zotsatira zake zinabwera pang'onopang'ono. Malo ake sanadzazidwe msanga, ndipo amene tinkawalemba ankakhala mwezi umodzi kapena iwiri n'kupita. Otsala ankagwira mashifiti awiri motsatizana. Loweruka, m'malo mwa anthu awiri, pankakhala mmodzi, ndipo munthu mmodzi sangatulutse anthu asanu ndi mmodzi kupita nawo kumadzi. Bamboyu ankandandalika nsapato monga mwa nthawi zonse, n'kuima pakhomo mpaka masana. Kenako anayamba kudziluma pamkono. Usiku wina mu Epulo anagwa kubafa wosamalira watsopano ali kukhitchini. Palibe anaona khutu likutsinidwa. Anang'ambika pamwamba pa diso, anakamusoka.

Pa msonkhano wounika pulani yake panabwera ganizo lowonjezera mankhwala omukhazika mtima pansi. Ndinakana, ndipo mayi ake anandithandiza. Anati: "Mwana wanga sanasinthe. Chasintha ndi Loweruka." Mawu amenewo ndiwo anandipatsa nzeru ya zimene ndifotokoze kutsogoloku.

Banja lachiwiri

Ili linali la mayi olera okha mtsikana wa zaka 16, wosayenda, wodyetsedwa ndi supuni. Dzina la mtsikanayu linali pa mndandanda wa odikira chithandizo wotchedwa PUNS, womwe nthawi imeneyo unali ndi anthu pafupifupi 20,000. Podikira, chimene anali nacho ndi maola ochepa opumitsa kholo pa sabata, ochokera mumphika wachiwiri uja. Bungwe lomwe linkawapatsa maolawo linapirira miyezi ingapo likubwereka kubanki, kenako linatumiza kalata kuti laima. Silinali lokha. Mu Januwale 2016 Lutheran Social Services of Illinois, limodzi mwa mabungwe aakulu kwambiri m'chigawochi, linatseka mapologalamu oposa 30 ndi kuchotsa ntchito anthu oposa 750, boma lili nalo ngongole ya madola oposa 6 miliyoni. Ngati chimphona chikugwada, ang'onoang'ono akanatani?

Mayiwa anayamba kujomba kuntchito, kenako anasiyiratu. Ine chimene ndinatha ndi kuwathandiza kukonzanso fomu ya PUNS kuti ionetse kuti zinthu zaipa, ndi kupempha mpingo wawo kuti azimayi awiri aphunzitsidwe kanyamulidwe ka mtsikanayo. Kwathu timati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo azimayiwo anaonetsadi zimenezo. Koma chifundo cha anansi sichilowa m'malo mwa munthu wophunzitsidwa wobwera tsiku lake ndi ola lake.

Mu Meyi 2016 mabungwe oposa 60 anapanga gulu la Pay Now Illinois n'kusumira boma chifukwa cha makontirakiti osalipidwa. Limodzi mwa mabungwe amene analowa nawo linkatsogoleredwa ndi Diana Rauner, mkazi wa bwanamkubwa yemweyo. Khoti la ku Cook County, dera limene muli Chicago, linataya mlanduwo. Pa 30 Juni 2016 kunabwera bajeti ya chigamba ya miyezi isanu ndi umodzi, koma antchito ophunzitsidwa aja anali atamwazikana kale.

Zimene tinayamba nazo, ndi kulakwitsa kwanga

Poyamba tinalemba makalata. Onse ankanena chimodzimodzi: anthu aulumali akuvutika, chonde gwirizanani. Mayankho nawonso ankafanana: tikumva, vuto ndi a mbali inayo. Kalata yopanda pempho lenileni imapatsa wandale mpata wokugwirizana nawe popanda kuchita kanthu.

Mkati mwa bungwe lathu munalinso mantha. Ena a bodi ankaopa kuti tikalankhula poyera makolo athawa nafe, ena ankaganiza kuti lamulo silitilola. Tinafunsa loya. Bungwe ngati lathu sililoledwa kuchemerera kapena kunyoza munthu wopikisana pa chisankho, koma likhoza kufotokozera aphungu za bilu, bola zisakhale ntchito yake yaikulu. Tinagwirizana kuti sititchula chipani chilichonse, ndipo tinasunga zimenezo mpaka kumapeto.

Kenako panabwera ulendo wa ku Springfield, likulu la Illinois, makilomita oposa 300 kuchokera ku Chicago, kukachita nawo msonkhano wa anthu aulumali ndi mabanja awo panyumba ya malamulo. Ndine ndinaumirira kuti bamboyu apite. Ndinkafuna aphungu aone chipsera cha pa diso chija. Mayi ake anavomera chifukwa ankandikhulupirira. Koma iyeyo sindinamufunse m'njira imene akanatha kuyankha, ndi zithunzi kapena pomuonetsa malowo. M'chipinda chozungulira cha pakati pa nyumbayo phokoso limabwerera kuchokera kudenga. Munali mazana a anthu, zikuku, zokuzira mawu. Anatseka makutu ndi manja n'kukhala pansi, magazi akutuluka pamkono. Tinamutulutsa, ndipo tsiku lonse linathera mugalimoto pamalo oimikapo.

Ndinalakwa. Ndinamusandutsa chikwangwani. Ena awiri a m'nyumba yomweyo anasangalala nawo ulendowo, ndipo mmodzi analankhula yekha ndi wothandizira phungu, momveka bwino kuposa ine. Kuyambira pamenepo amene ankapita ndi okhawo amene asankha okha, ndipo aliyense ankanena mawu ake, osati amene ife tamulembera.

Buku la zosachitika

Malamulo amatiuza kulemba zimene zachitika: wagwa, wavulala, mankhwala aphonyedwa. Palibe fomu ya zimene sizinachitike. Koma kuwonongeka kwenikweni kunali kumeneko. Ndiye ndinagula kope wamba n'kuliika pamwamba pa firiji m'nyumba iliyonse. Mizere inali inayi: tsiku, chimene pulani ya munthuyo imati chichitike, ngati chinachitika, ndi antchito angati analipo. Palibe kudandaula, palibe kutchula wolakwa.

Antchito poyamba analikayikira, poganiza kuti ndi msampha wowagwirira. Ndinakhala nawo pansi shifiti ndi shifiti kuwauza kuti kopeli silikunena za iwo, likunena za mnzawo amene palibe. Atamvetsa, analisamala kuposa mmene ndinkaganizira. Wina analemba usiku wina kuti, "Tchalitchi, ayi, ndinali ndekha," ndipo Lamulungu lotsatira analembanso chimodzimodzi, ndi linanso.

Patatha miyezi ingapo tsamba la bamboyu linkawerengeka ngakhale ndi munthu wosadziwa ntchito yathu. Dziwe, ayi. Dziwe, ayi. Pambali pake ndinaika masiku amene anadziluma, ndipo ambiri anali a Loweruka masana ndi Lamulungu. Dokotala ataona, nkhani ya kuwonjezera mankhwala inatha pomwepo.

Kopeli linasinthanso pempho lathu. Tinasiya kunena za bajeti yonse, imene ngakhale phungu wa dera lathu sakanaimasula yekha, n'kumanena chinthu chimodzi: malipiro a ma DSP. Mu 2016 munali bilu yowakwezera kufika pa madola 15 pa ola. Nyumba ya malamulo ya Illinois imalola munthu aliyense kudzaza pa intaneti kapepala konena ngati akuvomereza kapena kukana bilu isanakambidwe m'komiti. Tinkakhala ndi makolo pakompyuta ya mu ofesi kuwathandiza kudzaza, ena koyamba m'moyo wawo. Biluyo inadutsa nyumba zonse ziwiri. Mu Ogasiti bwanamkubwa anaikana, ponena kuti ndalama zake palibe.

Tsiku limenelo antchito awiri anandiuza kuti akuyamba kufuna ntchito kwina.

Mu Novembala chaka chomwecho nyuzipepala ya Chicago Tribune inatulutsa kafukufuku wa nkhanza ndi kulekerera m'nyumba ngati zathuzi, kuphatikizapo imfa. Anzanga ena anakwiya, n'kumati zitiwonongera nkhondo yathu. Ine ndinaona mwina. Zimene zinalembedwazo zinachitikira anthu enieni, ndipo kusowa kwa ndalama sikungakhale chowiringula cha nkhanza. Komanso sitingapemphe boma kuti litikhulupirire ndi ndalama zambiri kwinaku tikubisa zolakwa. Makolo atafunsa, tinawatsegulira mabuku athu, ndi la zosachitika lomwe.

Loweruka la phungu

Chimene chinagwira ntchito kwambiri m'dera lathu chinali chotchipa kuposa zonse. M'malo mopita ife ku Springfield, tinaitana phungu kunyumba. Tinapempha chilolezo kwa onse okhalamo ndi owayang'anira mwalamulo. Mmodzi anakana, ndipo tsikulo anakacheza kwa mchemwali wake. Akuluakulu anga ankafuna kuti mlendoyo abwere pakati pa sabata, nyumba itakolopedwa, antchito atachuluka. Ndinawapempha kuti likhale Loweruka m'mawa, pa shifiti monga ilili.

Phunguyo anafika n'kupeza nsapato zitandandalikidwa pakhomo, moti anachita kudumpha. Wosamalira mmodzi yekhayo anali akugaya mankhwala a wina, akuyankha wina kubafa, mazira ali pamoto. Bamboyu anali chiimire pakhomo, thaulo paphewa. Mlendoyo anafunsa kuti akudikira chiyani. Mayi ake anayankha kuti: "Akudikira munthu wachiwiri, bwana." Kenako anamupatsa kope lija, litatsegulidwa pa tsamba la mwana wawo.

Ine ndinangowonjezera masamu. Ndinamuonetsa chiphaso cha malipiro cha wosamalirayo, dzina litafufutidwa ndipo mwini wake atalola, pambali pa chikalata cholengeza ntchito chimene ndinachijambula pawindo la sitolo ina ya pamsewu womwewo. Ndinamukumbutsanso kuti dola iliyonse yoikidwa pa malipiro amenewa imakoka inzake ku Washington. Anakhala ola ndi theka m'malo mwa mphindi makumi awiri zimene analonjeza, ndipo kuyambira pamenepo ofesi yake ndi imene inkatiimbira kufunsa manambala.

Mlandu suola

Mbali ya khoti inkayenda payokha. Woyang'anira mgwirizano wa Ligas, amene khoti linamuika, analemba m'malipoti ake kuti kusowa kwa antchito kukuphwanya mgwirizanowo: anthu anatulutsidwa m'malo akuluakulu aja kuti akakhale pakati pa anthu, koma tsopano akungotsekeredwa m'nyumba zing'onozing'ono. Mabanja ndi mabungwe ambiri anapereka umboni wofanana. Wathu unali dontho m'chidebe, koma unali wa masiku ndi manambala, osati wa misozi yokha. Mu Epulo 2017 maloya anapempha khoti kuti likakamize boma kutsata mgwirizano.

Bajeti inabwera pa 6 Julayi 2017, aphungu ena a chipani cha bwanamkubwa atagwirizana ndi anzawo kugonjetsa kukana kwake. Msonkho unakwera kufika pa 4.95 peresenti. Ngongole za boma zosalipidwa zinali zitadutsa madola 14 biliyoni. Ma DSP anawonjezeredwa masenti 75 pa ola. Mwezi wotsatira woweruza Coleman anagamula kuti boma silikutsata mgwirizano wa Ligas, ndipo analiuza kuti libwere ndi pulani yokonzera zinthu.

Masenti 75 ndi ochepa, ndipo sindinabise kwa antchito kuti ndi ochepa. Anali oyamba kuyambira 2008, koma sanafikitse munthu wa madola 9.35 pa madola 11 a mu Chicago.

Mmene mabanjawo analili pomatha 2017

Mtsikana uja anali akadali pa mndandanda. Maola opumitsa kholo anabwerera kudzera ku bungwe lina, ochepa kuposa kale, ndipo wobwera anali munthu watsopano amene mayi ake anachita kumuphunzitsa okha kadyetsedwe. Ntchito yawo yakale inali itapatsidwa kwa wina. Anapeza ina ya maola ochepa.

Mayi wa kumadzulo kwa Africa uja sanabwerere. Ndinamuimbira kumuuza za masenti 75, anaseka pang'ono mwachisoni n'kundifunsa ngati bamboyu akung'ung'udzabe kanyimbo kake. Masamba amene tinalemba tsiku lomwe ankachoka ndi amene tsopano timayamba kuwerengetsa wantchito aliyense watsopano m'nyumbamo, ndipo za khutu lakumanzere zili pa mzere woyamba.

Tinapeza wa shifiti ya Loweruka, wophunzira wa pakoleji amene amatha kubwera kawiri pa mwezi. Tinapanga kalendala wa zithunzi kuti bamboyu azidziwa Loweruka liti ndi la madzi, liti si la madzi. Zilonda za pamkono zinapola, zipsera zinatsala. Pa Loweruka lopanda chithunzi cha dziwe amandandalikabe nsapato zonse pakhomo, koma thaulo amalisiya kuchipinda.